Sitima pa kanema: mapulogalamu okondedwa, koma ovuta kuwapeza

Linali Lachisanu madzulo, pa 27 Novembala 2009. Anthu a ku Norway anali ataweruka ku ntchito, kunja kukuzizira, ndipo ambiri anakhala pansi n'kuyamba kusinthasintha matchanelo monga mwa masiku onse.

Pa tchanelo chachiwiri cha wailesi ya kanema ya NRK panalibe mpira, panalibe sewero, panalibenso nkhani. Pankangooneka njanji yotuluka mu siteshoni ya mumzinda wa Bergen, monga mmene amaionera woyendetsa sitima akakhala pampando wake.

Sitima inanyamuka.

Inasiya nyumba za mumzinda, n'kulowa m'phanga loboola phiri. Ikalowa mumdima chonchi, opanga pulogalamu ankaikapo zithunzi zakale za njanjiyo, ndipo ikatulukira amabwezera kamera panjanji. Mapanga otere analipo 182. Inadutsa m'mphepete mwa madzi, inakwera mapiri ozizira mpaka pa siteshoni ya Finse, yomwe ili pamtunda wa mamita 1,222, kenaka n'kuyamba kutsetserekera ku Oslo.

Ola linatha. Lachiwiri linatha. Pulogalamu sinathe.

Inatenga maola 7 ndi mphindi zingapo, kutalika kwenikweni kwa ulendowo. Rune Møklebust ndi Thomas Hellum, omwe anali m'gulu loikonza, anaipanga pokumbukira kuti njanjiyo yakwanitsa zaka 100. Owerengera atawerengera, anapeza kuti anthu pafupifupi 1.2 miliyoni anaonerako, m'dziko lomwe panthawiyo anthu ake sankafika 5 miliyoni.

Usiku umenewo unaonetsa poyera chinthu chomwe okonda sitima ankachidziwa kale: anthu ofuna kuonera sitima pa kanema ndi ochuluka zedi. Chovuta ndi kupeza komwe mapulogalamuwo ali.

Amwazikana ngati alibe mwini

Wokonda mpira savutika. Amadziwa tchanelo chake, tsiku ndi ola. Wokonda sitima ayi. Pulogalamu yake imatha kubisala pa tchanelo cha alimi, kapena kuonetsedwa m'mamawa anthu ali mtulo, kapena kubwera milungu isanu yokha n'kusowa chaka chonse.

Ku America nkhaniyi ndi yakale. Kuyambira mu 1990, wailesi ya kanema ya anthu mumzinda wa Milwaukee inkapanga pulogalamu yotchedwa Tracks Ahead, yomwe zigawo zake zambiri ankatsogolera ndi Spencer Christian, bambo yemwe anthu ankamudziwa kale pa zolosera zanyengo. M'chigawo chimodzi munkatha kukhala ulendo wa sitima yeniyeni, munthu wojambula zithunzi za sitima, komanso tisitima tomwe wina wayala m'chipinda chapansi cha nyumba yake.

Koma pulogalamuyi inkadutsira m'mawailesi a kanema a anthu a PBS, omwe alipo oposa 300 ndipo aliyense amakonza yekha ndandanda yake. Wa mumzinda uno amaionera Loweruka masana, wa mumzinda winawo tsiku lina, wachitatu osaiona n'komwe chifukwa wailesi ya kwawo sinaitenge.

Ena anakaipeza mbali ina yosayembekezereka. RFD-TV, tchanelo chomwe chinayamba mu 2000 pofuna kutumikira alimi ndi oweta ng'ombe, chinaika pa ndandanda yake mapulogalamu a Trains & Locomotives ndi I Love Toy Trains. Munthu wofuna sitima amayenera kudutsa kaye pa misika ya ng'ombe ndi mathirakitala akale.

Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Mawailesi akuluakulu amasungira maola abwino zinthu zomwe amakhulupirira kuti zikoka otsatsa malonda. Kwa zaka zambiri sitima ankaziona ngati za ana ndi madoda opuma pa ntchito, ndiye amaziponya m'mipata yotsala.

Ku Britain zinafika pa ola labwino

Dziko lomwe linayamba kuyendetsa sitima zonyamula anthu ndi lomwenso lazipatsa malo aakulu pa kanema.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, BBC inajambula ulendo wochoka ku London kupita ku Brighton, n'kuuthamangitsa kuti uthe m'mphindi zinayi zokha. Kafilimuko ankakaika pakati pa mapulogalamu, pakakhala mpata wofunika kutseka.

Mu 1980 kunabwera Great Railway Journeys of the World, momwe munthu wotchuka mmodzi amakwera sitima n'kumafotokoza zomwe akuona. Michael Palin anayenda kuchoka ku London kukafika kumpoto kwa Scotland. Michael Wood, m'chigawo chotchedwa Zambezi Express, ananyamuka ku Cape Town kulowera ku mathithi a Victoria.

Koma yemwe wakhalitsa kwambiri ndi Michael Portillo. Bamboyu anali nduna ya zachitetezo m'boma la Britain m'zaka za m'ma 1990. Atasiya ndale, mu 2010 anayamba Great British Railway Journeys pa BBC Two. Amavala majekete owala, achikasu, ofiira kapena obiriwira, ndipo m'zaka zoyamba m'manja ankanyamula buku lakale lolondolera apaulendo la Bradshaw, la m'nthawi ya Mfumukazi Victoria. Akafika pa siteshoni ankatsika, ankawerenga zomwe bukulo linanena za malowo, kenaka ankakaona ngati fakitale kapena msika wotchulidwawo udakalipo.

Njira yake ndi yophweka, ndipo inagwira. Pulogalamuyi inabala ina: ya ku Ulaya mu 2012, ya ku America mu 2016, ya ku India mu 2018.

Channel 5 inabwera ndi zake. Mu 2012 inatenga Chris Tarrant, yemwe anatchuka ndi mafunso a Who Wants to Be a Millionaire, n'kumutumiza pa njanji zovuta za padziko. Ulendo wake woyamba unali pa njanji ya Congo-Ocean, yolumikiza Pointe-Noire ndi Brazzaville, yomwe Afalansa anaimanga pakati pa 1921 ndi 1934 ndipo inapha antchito a mu Africa masauzande ambiri. Mu 2015, Griff Rhys Jones naye anayenda m'mayiko angapo a mu Africa pa pulogalamu ya ITV yotchedwa Slow Train Through Africa.

Apa mpomwe pali mphamvu ya mapulogalamu amenewa. Woonera amabwera chifukwa cha sitima, koma amachoka atamva za migodi, za atsamunda, za thangata, za mizinda yomwe inamera chifukwa njanji inadutsa ndi ina yomwe inafota chifukwa njanji inailambalala.

Ku Germany, Eisenbahn-Romantik inayamba mu 1991 ngati kapulogalamu kotsekera mpata, Hagen von Ortloff akutsogolera. Kanakula n'kukhala zaka zoposa 30, zigawo mazanamazana. Ku Australia, mu Januwale 2018, wailesi ya kanema ya SBS inatengera chitsanzo cha ku Norway poonetsa ulendo wa sitima ya The Ghan, makilomita 2,979 kuchoka ku Adelaide kukafika ku Darwin. Inayamba ndi maola atatu. Anthu atakondwera nayo, inatulutsa ya maola 17.

Tisitima tokwana m'dzanja

Mbali inayo ya nkhaniyi ndi tisitima tating'ono, tomwe ena amangoti zidole. Eni ake sakondwa nalo dzinali, ndipo ali ndi chifukwa.

Kasitima kotere kamapangidwa motsata muyeso. Pa muyeso wotchedwa HO, womwe ndi wofala ku America ndi ku Ulaya, chilichonse chimachepetsedwa maulendo 87. Ku Britain ambiri amakonda OO, womwe umachepetsa maulendo 76. Miyeso iwiriyi imayenda pa kanjanji kamodzi, kotambalala mamilimita 16.5. Poyerekeza, njanji yeniyeni ya ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi yotambalala mamilimita 1,067. Magetsi amadutsa m'kanjanjimo, mawilo amawatola, kainjini kamkati n'kuyamba kuzungulira.

Ndiye pali dziko lozungulira kanjanjiko. Phiri amaliumba ndi pulasitala kapena thovu louma. Udzu ndi timaulusi tomwe amawaza pa guluu. Miyala ya pansi pa njanji amaithira ndi kasupuni, n'kuisalaza ndi kaburashi. Bogi yatsopano amaidetsa dala ndi utoto wa dzimbiri kuti ioneke kuti yayenda zaka. Aliyense amene ali mwana anapindapo waya mpaka kutuluka galimoto yokhota ndi chiwongolero akudziwa mtima womwe umagwira anthu amenewa: diso limaona chinthu chachikulu pamsewu, manja osapuma mpaka atachibwereza.

Pulogalamu ya tisitima yomwe yafika kutali kuposa zonse ndi ya ana. M'busa wa Anglican, Wilbert Awdry, ankasimbira mwana wake Christopher nthano za sitima pomwe mwanayo ankadwala chikuku, ndipo buku loyamba linatuluka mu 1945. Britt Allcroft anazitengera pa kanema, ndipo pa 9 Okutobala 1984 ITV inaonetsa Thomas the Tank Engine koyamba, wosimba nkhani ali Ringo Starr wa gulu la The Beatles.

Ana ambiri omwe anakula akuonera Thomas sankadziwa kuti akuona tisitima tenitenidi tikuyenda pa tebulo lalikulu. Nkhope iliyonse inali yochotseka. Thomas akafuna kuseka, ojambula amaimitsa kamera, kuchotsa nkhope yachisoni, kumatapo yoseka, n'kupitiriza. Maso okha ndi omwe ankayenda, munthu akuwatembenuza ali chapatali ndi kachipangizo ka m'manja. Anagwira ntchito motero mpaka cha m'ma 2008, pomwe zithunzi za pa kompyuta zinalowa m'malo. Mu 2018 anawonjezera Nia, injini yochokera ku Kenya.

Akuluakulu nawo analowa m'bwalo

Mu 2009, James May wa pulogalamu ya magalimoto ya Top Gear anayesa chinthu chachikulu. Anasonkhanitsa anthu odzipereka kuti ayale kanjanji ka OO pa mtunda wa makilomita 16, kuchoka ku Barnstaple kukafika ku Bideford, m'njira yomwe kale munkadutsa sitima yeniyeni. Tisitima tinanyamuka, koma tinafera m'njira kamodzikamodzi. Palibe kanafika.

BBC inaonetsa kulepherako momwe kunalili, ndipo anthu anakukonda. Mu 2011 anabwerezanso, ulendo uno akupikisana ndi akatswiri ochokera ku Miniatur Wunderland ya ku Hamburg, ndipo tisitima tinafika.

Miniatur Wunderland payokha ndi chodabwitsa. Mapasa Frederik ndi Gerrit Braun anaitsegula mu 2001 m'nyumba yakale yosungiramo katundu, ndipo lero kanjanji kake kapitirira makilomita 15. Muli mizinda, mapiri ndi bwalo la ndege momwe tindege timanyamuka. Mphindi 15 zilizonse magetsi a m'chipindamo amazima pang'onopang'ono, kukhala usiku, mawindo a tinyumba n'kuyaka.

Mu Januwale 2018, Channel 4 inaonetsa The Biggest Little Railway in the World. Dick Strawbridge ndi anthu odzipereka oposa 50 anayala kanjanji pa mtunda wa makilomita 114 ku Scotland, kuchoka ku Fort William mpaka ku Inverness. Kainjini kake, Silver Lady, kanali koyendera nthunzi yeniyeni: kamafuna madzi, moto ndi mafuta, ndipo munthu amayenda pambali pake kukayang'anira. Pamtsinje panafunika mlatho, pachitunda panafunika nzeru zokakwezera. Kanafika.

Chaka chomwecho Channel 5 inayambitsa mpikisano wa The Great Model Railway Challenge, momwe magulu amapatsidwa masiku atatu kuti amange dziko lawo laling'ono, oweruza ali Kathy Millatt ndi Steve Flint, yemwe panthawiyo anali mkonzi wa magazini ya Railway Modeller. Mu 2021 tchanelo cha Yesterday chinalowetsa makamera ku likulu la kampani ya Hornby ku Margate, kuonetsa mmene kasitima kamabadwira, kuyambira poyeza injini yeniyeni mpaka kukafika m'bokosi.

Kukula kwa chikondichi kunaonekera bwino mu Meyi 2019. Achinyamata ena anathyola holo ya sukulu momwe kalabu ya Market Deeping inali itayala tisitima take pokonzekera chionetsero, n'kuphwanya ntchito ya zaka zambiri. Nkhani itamveka, anthu anasonkha ndalama zoposa £100,000. Woimba Rod Stewart yekha anapereka £10,000. Chaka chomwecho iye anaonetsa mu Railway Modeller mzinda wake wa tisitima, womwe anaumanga kwa zaka 23, mbali zina akumangira m'zipinda za mahotela ali paulendo wokaimba.

Nanga wa kuno angawapeze bwanji?

Choyamba ndi kudziwa maina. Kungolemba mawu oti sitima pofufuza pa intaneti sikufikitsa patali, chifukwa mapulogalamuwa ali m'Chingerezi, m'Chijeremani ndi zinenero zina. Wolemba dzina lenileni, monga Great Railway Journeys, Eisenbahn-Romantik kapena Bergensbanen, amafika msanga.

Chachiwiri ndi kudziwa makomo otseka. BBC iPlayer imatsegukira okhawo omwe ali ku Britain, ndipo mawailesi ena a kumeneko amachitanso chimodzimodzi chifukwa cha malamulo a umwini. M'bale wathu wa ku Leeds kapena Manchester amaonera Portillo mosavuta, pomwe wa ku Zomba kapena Chipata amauzidwa kuti pulogalamuyi sioneka m'dziko lake.

Makomo otseguka alipo. NHK World-Japan, yomwe imaulutsa m'Chingerezi, imaonetsa Japan Railway Journal ndipo imaonereka kwaulere pa intaneti. NRK inalola anthu kutenga ndi kugawana zithunzi za ulendo wa ku Bergen uja, motero zikupezeka pa YouTube. Pomweponso pali zigawo zambiri za Eisenbahn-Romantik, ndipo ngakhale wosamva Chijeremani amatsatira ndi maso. Virtual Railfan inaika makamera m'mphepete mwa njanji m'malo osiyanasiyana ku America, monga La Plata ku Missouri, ndipo amaonetsa usana ndi usiku chilichonse chodutsa.

Amene ali ndi dishi ayang'ane ndandanda ya matchanelo a mbiri yakale, a zaumisiri ndi a maulendo, chifukwa mapulogalamu a sitima amakonda kubisala kumeneko, nthawi zambiri pansi pa mutu wa zomangamanga. Akaupeza, ndi bwino kuuika pa chikumbutso cha dikoda pompo, chifukwa sabata yamawa utha kusuntha.

Chotsala ndi bandulo. Ulendo wa maola 7 ungamalize bandulo ya mwezi tsiku limodzi. Ochenjera amatsitsa ubwino wa chithunzi, kapena kukopera pulogalamu pafoni usiku, pomwe mitengo imatsikako.

Njanji yathu ikudikira kamera

Wofufuza mapulogalamu onsewa amazindikira chinthu chimodzi msanga. Sitima za mu Africa zikaoneka, kawirikawiri wosimba nkhani amakhala mlendo, wongodutsa, wolankhula kwa anthu a kwawo. Pa kanema wa kuno sitima imamveka makamaka mu nkhani: pakachitika ngozi, madzi akakokolola mlatho, kapena akuluakulu akamadula riboni.

Komatu nkhani zilipo, zambiri.

Sitima inafika ku Blantyre mu 1908 pa njanji ya Shire Highlands. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa 3.6, unaoloka Zambezi pakati pa Sena ndi Mutarara, ndipo chaka chomwecho njanji inafika ku Salima. Mu 1970 kunatsegulidwa njira ya ku Nacala kudzera ku Nayuchi. Cha m'ma 1980 njanji inali itadutsa Lilongwe n'kufika ku Mchinji, koma inadikira mpaka 2010 kuti ilumikizane ndi Chipata. Mu 1997 madzi osefukira anadula njanji ku Chiromo, chigwa cha Shire n'kutsala padera. Mu 1999 njanji za Malawi Railways zinapita m'manja mwa Central East African Railways. Lero mabogi a malasha ochokera ku Moatize amadutsa ku Nkaya ndi Liwonde pa ulendo wopita kunyanja ya mchere. Ku Zambia kuli TAZARA, makilomita 1,860 kuchoka ku Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam, yomwe anamanga ndi thandizo la China m'zaka za m'ma 1970.

Pabwalo la nyumba yosungira zakale ku Chichiri pali injini ya nthunzi yomwe ana a sukulu amaizungulira akabwera kudzaona. Ku Livingstone ndi ku Bulawayo kuli nyumba zosungira sitima zakale zokhazokha. M'makomo a ku Limbe, Balaka ndi Salima muli madoda omwe anathira malasha m'ng'anjo, anakhoma zitsulo padzuwa, anagulitsa matikiti. Muli amayi omwe analera ana ndi geni ya pawindo la sitima: nzimbe, nthochi, nsomba zouma. Anthu amenewa akukalamba, ndipo akapita apita ndi zonse zomwe akudziwa.

Wailesi ya kanema inayamba ku Malawi mu 1999, ndipo lero matchanelo achuluka, onse akusaka zoti aonetse. A ku Norway sanafune ochita sewero kapena situdiyo. Anapempha chilolezo kwa eni sitima, anamangirira makamera, n'kusiya dziko lawo lidzionetse lokha. Ulendo wochoka ku Limbe kudzera ku Balaka mpaka ku Nayuchi uli ndi mapiri, mtsinje wa Shire, madambo a kufupi ndi nyanja ya Chilwa ndi Chiuta, komanso msika pa siteshoni iliyonse.

Akuluakulu a mawailesi a kanema, eni njanji ndi achinyamata odziwa kugwira kamera akhale pansi, akambirane za ulendo umenewu, ndipo ayambe ndi kujambula madoda a njanji aja akadali moyo.